Sefa ya makala yayambanso kutulutsa madzi onunkha: poyambira kufufuza vuto

Azakhali anga a ku Kanyama, mumzinda wa Lusaka, anandiimbira foni mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. "Mwanawe, sefa yako ija yafa. Madzi ayambanso kununkha ngati kale, tiyi sakumweka." Sefayo ndinawakonzera ndekha miyezi inayi m'mbuyomo, zidebe ziwiri zosanjikiza, chapamwamba cha mchenga, chapansi cha makala. Nditafika ndinavundukula n'kupisa dzanja. Mchenga unali woterera ngati therere. M'chidebe cha makala, m'mphepete mwenimweni, madzi anali atadziboolera kanjira konenepa ngati chala, kotsika molunjika mpaka pa pompi. Madzi otulukawo anali oyera mbee, koma pofikitsa kapu pamphuno fungo lake linali la chithaphwi.

Ntchito yanga ndi ya mapaipi, ndipo dandaulo limeneli ndimalimva mwezi ndi mwezi, kwa a zidebe m'makomboni ngakhalenso kwa a mabohole ndi mathanki ku Chalala ndi ku Ibex Hill. Sefa imayamba bwino, banja n'kuikhulupirira, kenako fungo n'kubwerera. Nthawi zambiri sefa imakhala isanafe. Mwina makala akhuta, mwina madzi akuwalambalala, mwinanso tawapatsa ntchito imene si yawo.

Makala amagwira bwanji zoipa

Ambiri amaganiza kuti makala amasefa monga sefa ya ufa, kuti zoipa zimatsalira pamwamba chifukwa cha kukula. Zimene tikufuna kuchotsa pano n'zosungunuka m'madzi ngati shuga mu tiyi: mankhwala ophera udzu monga atrazine, zochokera mu petulo monga benzene, ndi zowola za masamba ndi ndere zimene zimapatsa madzi mtundu ndi fungo. Nsalu kapena mchenga sizingazigwire. Kambewu kalikonse ka makala kali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, tolowerana ngati nyumba ya chiswe, ndipo zoipazo zikalowa m'timabowomo zimakakamira m'makoma mwake, madzi n'kupitirira. Makala okonzedwa mwapadera, amene m'masitolo amalembedwa kuti activated carbon, amapangidwa ndi zikamba za kokonati, mitengo kapena malasha a m'migodi, n'kuwadutsitsa nthunzi yotentha madigiri 800 mpaka 1,000 kuti timabowo titseguke. Galamu imodzi yokha imakhala ndi makoma a masikweya mita 500 mpaka 1,500. Magalamu 7 a makala abwino, osadzaza n'chikhatho chomwe, makoma ake mutawayala akhoza kukuta bwalo la mpira.

Koma bwalo ngakhale likule chotani limadzaza. Malo okakamira akatha, zoipa zimangodutsa, ndipo makala okhuta saonetsa chizindikiro. Akuda dzulo, akuda lero. Apa ndi pamene pamapweteketsa anthu, chifukwa diso limaona madzi oyera, mtima n'kukhala pansi.

Yambani ndi liwiro la madzi

Musanagule chilichonse, tengani botolo la theka la lita ndi wotchi ya pa foni, muone nthawi imene botololo likudzazira. Zoipa zimafuna nthawi kuti zilowe m'timabowo. M'malo akuluakulu oyeretsera madzi amalola madzi kukhala m'makala mphindi 10 mpaka 20 akafuna kuchotsa mankhwala otere. Pakhomo muwerengere chimodzimodzi. Ngati m'chidebe muli makala odzaza malita 5, ndipo mukufuna mphindi 10, madzi azituluka theka la lita pa mphindi. Botolo lija lizitenga mphindi yathunthu kuti lidzaze. Kwa azakhali linkadzaza ndisanamalize kuwerenga mpaka khumi ndi zisanu.

Kuthamanga kotereku kumachokera kuwiri. Pena wina watsegula pompi yonse chifukwa ana akuchedwa kusukulu, ndipo mankhwala ake n'kumanga chogwirira chake ndi waya kuti chisapitirire pamene munayeza. Pena ndi kanjira kaja. Madzi amakonda podutsa posavuta, ndipo akangopeza mpata m'mbali mwa chidebe amaukulitsa tsiku ndi tsiku, makala apakati n'kumangokhala osagwira ntchito. Kanjira kamayamba mukamakhuthula chigubu mwamphamvu pamalo amodzi, kapena makala akauma n'kung'aluka. Ikani mbale yapulasitiki yobooledwa timabowo pamwamba kuti madzi azigwa ngati mvula yowaza. Paipi yotulutsira madzi ikwezeni kuti kamwa lake likhale pamwamba pang'ono pa msinkhu wa makala, kuti makalawo azikhala omira nthawi zonse. Ndipo chidebe chachitali chopapatiza chimaposa beseni lotambalala, ngakhale makala atakhala ofanana kuchuluka.

M'masefa a katiriji, omangirira pa paipi pansi pa sinki, kulambalala kumachitikira pa kamphira kozungulira. Kakaphwanyika, kapena katiriji ikakhala yaifupi kuposa chikho chake, madzi amadutsa m'mbali. Ndapezapo nyumba imene chikho chinamangidwa paipi yolowa ndi yotuluka zitasinthanitsidwa, pamene pa chivundikiro pali muvi wosonyeza kolowera.

Madzi akamangodontha

Vuto lotembenuka ndi losavuta kulizindikira: matope atseka. Lusaka yakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo m'madera monga Kanyama, John Laing ndi Misisi madzi apansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa, za pamwamba zimatsikira m'zitsime mwamsanga, madzi n'kufiira. Mukathira madzi amenewo molunjika m'makala, dothi limamata pakamwa pa timabowo, ndiye kuti mwataya ndalama pogwiritsa makala ntchito ya mchenga. Madzi a matope ayambe akhala m'dramu usiku wonse kuti adikhe, mutunge apamwamba, adutse mumchenga kapena mu katiriji yoyera yogwira matope, yolembedwa kuti 5 micron, kenako afike ku makala. Katiriji yoyerayo ndi yotchipa, ndipo ikasanduka yofiirira isintheni osadikira. Ngati zimene zatseka ndi zofiira ngati dzimbiri ndipo zovala zoyera zimathimbirira pochapa, m'madzimo muli chitsulo chosungunuka. Madzi otere agwe kuchokera pamwamba kuti akumane ndi mpweya, akhale kaye, dzimbiri litsike, musanawasefe.

Akatuluka akuda mutangoika makala atsopano, musaope. Ndi fumbi la makala. Tsukani mpaka ayere, kapena tayani zidebe ziwiri zoyamba.

Makala a pa mbaula

Funso limene ndimafunsidwa kwambiri ndi ili: "Nanga makala ophikira tili nawo pakhomowa sangagwire?" Ndimalimvetsa, chifukwa makala okonzedwa aja ndi odula, pamene thumba la makala lili pa ngodya iliyonse. Amagwira pang'ono. Uvuni wadothi wa kumudzi sutentha kufika pamene timabowo timatseguka bwino, ndipo tambiri timatsala totsekeka ndi phula la mtengo. Amachepetsako fungo kwa masiku angapo, koma amakhuta msanga, ndipo zibuma zikuluzikulu zimasiya mipata imene madzi amangodutsamo. Ngati mulibe njira ina, sankhani olimba, olira ngati chitsulo mukawagundanitsa, opanda pofiirira pakati mukawathyola. Asinjeni mumtondo afike kukula ngati mpunga, sefani fumbi, tsukani, muike ambiri, ndipo madzi aziyenda pang'onopang'ono kuposa muyeso uja. Makala oumba, osakaniza ndi dothi kapena zomatira, asalowe m'madzi akumwa. Chimodzimodzi makala a matabwa opakidwa penti kapena a mitengo yothiridwa mankhwala a chiswe, ndi alionse amene anakhalapo pafupi ndi palafini.

Ndinene maganizo anga poyera: pofuna kukonza kakomedwe ka madzi, makala a pa mbaula ndingawalole. Ngati nkhawa yanu ndi mankhwala a m'munda kapena mafuta a galimoto, sindingapatse mwana wanga madzi odalira makala amenewo.

Ogulitsa ena amapakira makala wamba osinja m'mapepala okongola. Pali kayesedwe kapakhomo. Thirani madzi ofanana m'mabotolo awiri, mudonthezere kadontho ka mtundu wa keke m'lililonse, muike supuni imodzi ya makala amene mukuwakayikira m'botolo lina, ndi supuni ya amene mumawadziwa m'linzake. Khutchumulani, musiye. Makala enieni amayeretsa mtunduwo mofulumira, ndipo mukangowanyowetsa koyamba amatulutsa tithovu ndi kaphokoso ka kuti sii, mpweya ukutuluka m'timabowo. Pa thumba la makala odalirika pamalembedwanso iodine number, nambala yosonyeza kuchuluka kwa timabowo. Ikakhala chapafupi ndi 900 kapena 1,000, ndi abwino.

Fungo likuuzeni kumene kuli vuto

Nunkhizani madzi asanalowe mu sefa, munukhizenso atatuluka. Izi zokha zimathetsa theka la mafunso.

Ngati olowa alibe fungo koma otuluka akununkha ngati dzira lowola kapena nsanza yonyowa, gwero ndi sefa yomweyo. Makala amachotsa klorini, ndiye mkati mwake mulibe chopha tizilombo, ndipo zowola zimene agwira zimasanduka chakudya chake. Madzi akaima masiku angapo, tizilombo timaswana n'kupanga utelezi uja ndinaupeza kwa azakhali. M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku, mapampu ankaima, ndipo mafoni a dandaulo limeneli anandichulukira kuposa chaka china chilichonse. Sefa ikakhala yosagwira ntchito usiku wonse, tayani malita awiri oyamba. Ikakhala sabata kapena kuposa, ndipo fungo silikuchoka mutatsuka, makalawo achoke. Chikho kapena chidebe chitsukidwe ndi sopo, kenako ndi madzi a klorini, musanaike atsopano. Sefa isakhale padzuwa, ndipo madzi otentha a mu giza asadutsemo, chifukwa kutentha kumamasula zina zimene makala anagwira kale.

Fungo la dothi, longa la mvula yoyamba ya mu Novembala, kawirikawiri limachokera ku ndere. Chonunkhacho dzina lake ndi geosmin, ndipo mphuno ya munthu imachimva ngakhale chitachepa mosayerekezeka. Kwerani muone thanki. Mukapeza chivundikiro chinauluka ndi mphepo ndipo makoma abiriwira, tsukani thanki ndi kuivundikira, apo ayi makala atsopano adzakhuta ndi ndere pa masabata ochepa.

Fungo la petulo, dizilo kapena palafini ndi nkhani ina, ndipo pano ndikupemphani kuti musayese kukonza sefa. Lekani kumwa madziwo tsiku lomwelo. Benzene imayambitsa khansa ya m'magazi, ndipo malire amene bungwe la World Health Organization linaika ndi mamiligalamu 0.01 pa lita, kanthu kochepa zedi. Makala amaigwira ndithu, koma kasefa kapakhomo kamakhuta msanga ndipo simungadziwe tsiku limene kakhutira. Fufuzani gwero. Jenereta yoikidwa pafupi ndi bohole imadonthezera mafuta pansi. Dramu logulidwa pamsika lingakhale linasungirapo mafuta kapena mankhwala, ndipo pulasitiki imasunga zimenezo ngakhale mutsuke kangati. Paipi yakuda yapulasitiki ikadutsa m'dothi lonyowa ndi petulo, monga pafupi ndi galaja, mafutawo amatha kulowerera m'khoma la paipi popanda pobooka. Ngati fungo likuchokera m'chitsime kapena m'bohole momwemo, ndiye kuti ndi vuto la dera lonse. Uzani oyandikana nawo, mukanene ku bungwe loona za chilengedwe la ZEMA ndi ku khonsolo, ndipo akakhala madzi a m'mipope ya mzinda, ku Lusaka Water Supply and Sanitation Company.

Kodi makala akhuta?

Mukathana ndi liwiro, matope ndi utelezi koma fungo la madzi olowa likumvekabe mwa otuluka, makala akhuta. Opanga makatiriji ambiri amalemba miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, koma amawerengera madzi oyera kale a m'mpope. Madzi a m'chitsime nthawi ya dzinja, odzaza zowola, amadya malo mofulumira, chifukwa zowola zosaopsazo zimalimbirana timabowo ndi mankhwala oopsa amene mukufuna agwidwe. Ine ndimauza anthu kuti asinthe mvula isanayambe, asinthenso ikangotha, ndipo pakati pake mphuno ikangokayika asadikire tsiku.

Ena amayesa ndi timapepala toyezera klorini, tonga ta m'madamu osambira. Klorini ikapezeka m'madzi otuluka, makala atha kapena akulambalalidwa, palibe kukayika. Koma ikasowa, musanene kuti zonse zili bwino. Makala amaphwanya klorini mwa njira ina yosiyana ndi kukakamira kuja, ndipo amapitiriza kutero nthawi yaitali malo a mankhwala ena atadzaza kale.

Azakhali anandifunsa zimene ambiri amafunsa: "Bwanji tingowachapa n'kuwayanika padzuwa, kapena kuwawiritsa?" Kuchapa kumachotsa matope a kunja kokha. Za m'timabowo sizichoka ndi dzuwa kapena mphika. Kumafakitale amawabwezeretsa m'ng'anjo zotentha pafupifupi madigiri 800 popanda mpweya, zimene mbaula singathe. Choopsa china n'chakuti makala okhuta amatha kulavula zimene anagwira, makamaka pakabwera china chokakamira mwamphamvu kuposa choyambacho, moti madzi otuluka angathe kuipa kuposa olowa. Otha ntchito musawasonkhezere pa mbaula yophikira, ndipo ngati anasefa madzi a mafuta kapena mankhwala musawathire m'dimba la ndiwo. Amangeni m'pepala apite ndi zinyalala.

Zimene makala sangakuchitireni

Bambo wina wa ku Chalala anasintha katiriji katatu pa miyezi iwiri chifukwa ketulo yake inkachitabe zoyera pansi. Zoyerazo ndi laimu wa mwala umene mzinda wathu wakhalapo, ndipo makala sagwira laimu, sagwira mchere, sagwira fluoride. Katiriji zake zinali bwinobwino.

Laimu amangovutitsa ketulo ndi giza. Chimene chimandisowetsa tulo ndi nitrate. Imachokera m'zimbudzi zokumba, m'maenje a zoipa za m'nyumba zamakono ndi mu feteleza, ndipo m'mzinda umene bohole ndi dzenje la chimbudzi zimakhala pa puloti imodzi, pamwamba pa mwala wa ming'alu, imayenda mosavuta. Ilibe fungo, ilibe mtundu, makala saichotsa, ndipo kuwiritsa kumangoichulukitsa chifukwa madzi amauluka iyo n'kutsala. Malire a World Health Organization ndi mamiligalamu 50 pa lita. Imaopsa kwambiri kwa makanda osakwana miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa imalepheretsa magazi kunyamula mpweya, mwana n'kuyamba kuda milomo. Ngati pakhomo pali khanda lomwa mkaka wosungunula ndipo madzi anu ndi a chitsime kapena bohole, kayezetseni ku labotale, monga ya ku University of Zambia. Funsiranitu mmene mutungire ndi botolo loyenera, chifukwa madzi oyezetsa tizilombo amafunika kufika tsiku lomwelo ali ozizira.

Ndiyeno tizilombo. Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba mu Okutobala 2023, pamene National Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. M'dziko muno anadwala anthu oposa 20,000, oposa 700 n'kumwalira. Makala sapha kolera, sapha taifodi. Ndimanjenjemera ndikalowa m'nyumba n'kupeza kuti banja linasiya kuthira klorini chifukwa tsopano lili ndi sefa. Enanso amathira klorini ya m'botolo yotchedwa Clorin m'chigubu kaye, kenako n'kusefa kuti fungo lake lichoke. Akatero makala amadya klorini yonse, madzi n'kukakhala m'chidebe chosungira opanda chitetezo, pamene makapu ndi manja a ana akulowamo tsiku lonse. Ndondomeko yake ikhale iyi: madzi adikhe, adutse mumchenga, adutse m'makala, ndipo klorini kapena kuwiritsa zibwere pomaliza. Thirani muyeso wolembedwa pa botolo, mudikire mphindi 30, musunge m'chigubu chotseka cha kamwa laling'ono. Pali ubwino winanso: klorini ikakumana ndi zowola zambiri imapanga mankhwala ena osafunika m'thupi ndipo fungo lake limakula, koma m'madzi amene makala ayeretsa kale imamveka pang'ono chabe, ana samakana kumwa.

Okhala ndi madzi a m'mpope, ochokera ku mtsinje wa Kafue kudzera ku malo oyeretsera madzi a Iolanda kapena ku mabohole a kampani, amafika ali ndi klorini kale. Kwa inu sefa ya makala ikhale pa pompi yomwera yokha, kukhitchini. Mukaiika pa paipi yolowa mu thanki, mwachotsa klorini m'madzi amene akakhale masiku m'thanki yotentha ndi dzuwa.

Kwa azakhali tinakhuthula zonse tsiku lomwelo. Mchenga tinautsuka mpaka utelezi utatha, zidebe tinazitsuka ndi madzi a klorini, makala akale tinamanga m'thumba. Atsopano ndinawanyika m'beseni mpaka tithovu titaleka, ndinawathira m'chidebe muli madzi kale kuti pasatsale mipata ya mpweya, n'kuika mbale yobooledwa pamwamba. Pompi ndinaimanga ndi waya pamene botolo linkadzaza pa mphindi imodzi. Chitsime chawo chili mapazi owerengeka kuchokera pa chimbudzi cha oyandikana nawo, choncho tinagwirizana kuti mkaka wa kamdzukulu kawo azisungunulira madzi ogula pa kiyosiki mpaka a m'chitsime atayezedwa. Ndisanachoke anandipatsa cholembera cha mdzukulu wamkulu, ndinalemba tsikulo pa chidebe, ndi mwezi wa Meyi pansi pake.